Zala, Makobiri ndi Chikoti: Masamu a Pamtima ku Chigwa cha Shire

Mu 1859 sitima ya David Livingstone, Ma-Robert, inalephera kupitirira mathithi a Kapichira. M'chigwamo iye anapeza Amang'anja akulima thonje, kuwomba nsalu ndi kusinthanitsa mchere. Anthu amalonda otere sakanadikira mphunzitsi kuti awauze chimene chatsala ukachotsa zitatu pa khumi.

Tamverani mmene Mmang'anja amawerengera. Akafika pa zisanu dzanja latha, ndiye amayambanso: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Mnansi wake Msena wa ku Nsanje ali ndi mawu akeake, tanthatu, chinomwe, sere, pfemba, koma Mmang'anja amanyamula samu m'dzina la nambala momwemo. Mufunseni 8 kuphatikiza 7. Iye akumva zisanu ndi zitatu, zisanu ndi ziwiri. Zisanu ziwirizo ndi khumi, zitatu ndi ziwiri ndi zisanu, yankho 15. Akatswiri a maphunziro masiku ano amayamikira njira yomweyi yophwanya nambala pa 5 ndi pa 10, ngati kuti aitulukira dzulo.

Sukulu za mishoni ndi za boma la atsamunda zinalowera kwina. Ana ankaimba matebulo m'Chingerezi mpaka la 12, ndipo mmawa kunali "mento": mphunzitsi afunsa, wochedwa kuyankha alandira chikoti. Tisafulumire kuseka. Tebulo la 12 linali ndi ntchito, pakuti makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi. Tiyerekeze mlimi wa ku Chikwawa wafika pa sikelo ndi thonje lolemera mapaundi 30, mtengo makobiri 4 pa paundi. Ndi makobiri 120, ndiwo masheleni 10. Kalaliki akamupatsa 9, ndani amuwombole? Mwana wa sitandade 3 woima pambali pa thumba. Makolo ambiri anaona phindu la sukulu pamenepo, osati mu katekisimu.

Cholakwika chinali chakuti mwanayo ankaloweza popanda kuuzidwa chifukwa chake, ndipo kuwerengera zala, kumene chinenero chake chinamangidwapo, kunasanduka mlandu.

Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala. Paundi inakhala K2, sheleni 10 tambala, sikisipensi 5 tambala. Ndalama zinayamba kuyenda m'zisanu ndi m'makumi, monga momwe agogo ankawerengera kale, ndipo tebulo la 12 linataya ntchito yake yapamsika ngakhale linapitirira kuimbidwa m'kalasi. Mwayi wolumikiza masamu a kusukulu ndi a kumudzi unali pomwepo. Ine ndikuona kuti sitinautole.

Kenaka mu 1994 sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ana anachuluka ndi oposa miliyoni imodzi m'chaka chimodzi. Mphunzitsi wa ana zana pansi pa mtengo, m'kutentha kwa chigwa, sangafunse aliyense mmene wapezera yankho. Amalamula onse aimbe pamodzi. Mwana yemweyo akaweruka amakagulitsa nsomba pamsika wa Nchalo, n'kumabweza chenji cha K5,000 osalakwitsa, koma mawa lake akalephera 8 kuphatikiza 7 pa bolodi.