Chipsera cha pamkono: mbiri ya katemera wa ana ku Salima

Agogo ambiri a ku Senga Bay, Chipoka ndi Lifuwu ali ndi chipsera chozungulira pamkono. Chimenecho ndi chidindo cha katemera wa nthomba, nthenda yomwe inkasiya opulumuka ali ndi zipsera nkhope yonse, ena osaona. M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba aganyu oyenda mudzi ndi mudzi kutemera anthu. Kolera atabuka mu 1973, antchito a mtundu womwewo anatumidwa kukalimbana naye, ndipo m'kupita kwa nthawi ntchitoyi inabala alangizi a zaumoyo omwe tikuwadziwa lerowa. Pofika 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthomba yatheratu padziko lonse.

Ndondomeko yotemera ana m'dziko muno inakhazikika mu 1979, kulimbana ndi matenda asanu ndi limodzi, mwa iwo chikuku, poliyo, chifuwa chachikulu, chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata. Kafumbatayu ndiye ankapweteka makanda: mchombo ukadulidwa ndi lumo lakuda kapena kupakidwa phulusa, pakatha masiku ochepa khanda linkaleka kuyamwa, nsagwada zitauma gwa. Ambiri ankaloza mfiti, pomwe kachirombo kalowera pamchombo pomwepo. N'chifukwa chake amayi oyembekezera amabayidwa kusikelo, kuti chitetezo chifike kwa mwana asanabadwe.

Kenako mndandanda unakula. Katemera wa chibayo anabwera mu 2011, wa kutsekula m'mimba mu 2012, wa tayifodi mu 2023. Mu April 2019 Malawi anali woyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo, m'maboma osankhidwa.

Koma matenda sagona. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, ndipo mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 nthendayi isakuoneka. Alangizi anabwereranso khomo ndi khomo, kudontheza mankhwala m'kamwa mwa ana n'kuwapaka inki pakachala.

Kunyanja kuno vuto lili ndi nkhope yakeyake. Banja la msodzi limatsata usipa: mwezi uno lili ku Senga Bay, wamawa lasamukira kudoko lina, buku la kusikelo latsala m'chikwama kumudzi kapena lanyowa m'boti. Mwana amalandira bwino akatemera oyambirira, a masabata 6, 10 ndi 14, mayi akadali pakhomo. Wa chikuku wa miyezi 9 ena amauphonya, ndipo wachiwiri wa miyezi 15 ndiye amaiwalika kwambiri, poti mwana akuyenda kale, akuoneka wathanzi, mayi ali kalikiliki pathandala kuyanika nsomba.

Ine ndimati mayiyu tisamudzudzule msanga. Tsiku limodzi lokafola kuchipatala ndi usipa wa tsiku lonse woonongeka. Sikelo ndiyo iyenera kumutsatira kudoko, ndipo mlangizi wopalasa njinga mumchenga, bokosi la katemera ali nalo kumbuyo, amafunika ayezi wokwanira kuti mankhwala asafe ndi dzuwa la ku Salima asanafike.