Zomwe Chithunzi Chimasunga M'kati: EXIF ndi XMP

Mukajambula mlatho wa Samora Machel ndi foni, chithunzicho chimasunga tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ngakhalenso malo ngati GPS inali yoyatsa. Zimenezi zimatchedwa EXIF.

Zomwe mwakonza pa kompyuta, monga kuwala ndi mitundu, pulogalamu ya Lightroom imatha kuzilemba mu XMP, njira imene Adobe inayambitsa mu 2001. Koma pulogalamu ina, monga darktable, imawerenga mawu ofotokoza chithunzi, pomwe zokonzazo zambiri sizituluka chimodzimodzi. Ndiye mukamaliza kukonza, sungani kope la JPEG kapena TIFF, osataya choyambirira.

Pa WhatsApp tumizani ngati "documento", apo ayi tsiku ndi malo zimafufutika. Koma kwa munthu wosamudziwa, bola zifufutike, angadziwe komwe mumakhala.