Zigubu za Pepsi zomwe zidasanduka za mowa

Jimmy Carter atasaina lamulo mu 1978 lolola anthu a ku America kufulula mowa kunyumba, ambiri ankathira shuga pang'ono m'botolo kuti mowa uchite thovu pawokha. Pansi pankatsala nsenga.

Kenaka makampani a Pepsi ndi Coca-Cola adasiya zigubu zachitsulo za Cornelius, za magaloni 5, ndipo ofulula adazigula motchipa. Kwa ine, luso lenileni lidayambira apa. Mowa wa m'chigubu uli kale ndi mpweya. Ukangouthira m'botolo lofunda, umasefukira thovu lokhalokha. Choncho ofulula adaphunzira kuziziritsa botolo, kulipopera mpweya kaye, kuthira pang'onopang'ono kuyambira pansi, n'kutseka msangamsanga ndi chitsekerero cha manomano chija, chomwe William Painter adatulukira ku Baltimore mu 1892.