Silinda yoyenera okosijeni imadziwika bwanji?

Mumpweya umene timapumawu okosijeni alimo 21 peresenti, ndipo pafupifupi wonse wotsalawo ndi naitirojeni. Munthu akakhalitsa pansi pa madzi, naitirojeniyo amalowerera m'thupi, moti akavuuka mothamanga amadwala. N'chifukwa chake osambira pansi pa madzi ambiri amapuma nitrox, mpweya umene okosijeni wake ndi wochulukirapo, kawirikawiri 32 kapena 36 peresenti, milingo imene inatchuka kudzera ku bungwe la NOAA la ku America. Phindu lake lilipo, koma limadza ndi chiopsezo cha moto.

Okosijeni payekha sayaka. Moto umafuna zitatu: choyaka, kutentha ndi okosijeniyo. Iye akachuluka n'kupanikizika, zinthu zimayaka msanga ndiponso mwaukali, ngakhale zimene sitiziganizira n'komwe. Pa 27 Januwale 1967, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anafera m'chombo cha Apollo 1 chisananyamuke, moto utabuka m'chipinda chodzaza okosijeni yekhayekha.

Nanga m'chida chozizira chachitsulo ngati silinda ndi valavu yake, kutentha kuchokera kuti? Amisiri amatchula kwambiri adiabatic compression. Mukatsegula valavu mwadzidzidzi, mpweya wopanikizika pa 200 bar umathamangira m'kanjira kotseka kutsogolo, n'kufinyikira pamenepo, n'kutentha koopsa m'kanthawi kochepa. Aliyense amene anagwirapo pampu ya njinga atangotha kupopa akudziwa kufunda kwake. Palinso particle impact: kachidutswa ka dzimbiri kapena ka chitsulo kouluka ndi mpweyawo kakamenya pokhota, kamathetheka. Pamenepo kadontho ka oilo n'kokwanira.

Mawu a ntchito yokonzera zida okosijeni ndi anayi, ndipo kuwasokoneza n'kumene kumavulaza anthu. Chida chimatchedwa oxygen clean ngati chachotsedwa mafuta, girizi, fumbi ndi dzimbiri. Mmisiri amachimasula chonse, n'kuchitsuka ndi mankhwala osungunula mafuta, nthawi zambiri m'beseni la ultrasonic, kenako amachitsukuluza ndi kuchiumitsa ndi mpweya wopanda oilo. Akatero amachiyesa. Amaunika ndi nyali yowala, kenako ya ultraviolet, chifukwa mafuta ena amanyezimira pa kuwala kumeneku. Amathirapo madzi: akafalikira mosalala ndiye kuti payera, akaundana timadontho ndiye kuti mafuta akadalipo.

Oxygen compatible ndi nkhani ina, yokhudza zopangira chidacho. Timphira totseka mpweya, ma O-ring, tikakhala ta nitrile timachotsedwa n'kuikapo ta Viton. Girizi wa silikoni amalowedwa m'malo ndi Krytox kapena Christo-Lube. Brass imapirira, pamene titanium, ngakhale ndi yopepuka ndi yodula, siyenera okosijeni wochuluka. Chachitatu ndi oxygen design: njira za mpweya zopanda makona akuthwa, ndi valavu yotseguka pang'onopang'ono. Zitatuzi zikakwanira pamodzi m'pamene chida chimalowa m'gulu la oxygen service. Chotsukidwa bwino koma cha mphira wolakwika sichinafikepo.

Ambiri pa masewera osambira pansi pa madzi amatsata lamulo la 40 peresenti: okosijeni akapitirira pamenepo, zida zikhale za oxygen service. Malamulo a ku Ulaya amakhwimitsa kuposa apo. Koma lamuloli lili ndi msampha. Pa njira yodzazira yotchedwa partial pressure blending, wodzaza amayamba kuthira okosijeni weniweni m'silinda, kenako n'kuwonjezera mpweya wamba. Ngakhale pomaliza pakhale 32 peresenti yokha, silinda ndi valavu yake zakumana kale ndi 100 peresenti.

Chimene ndikufuna chimveke n'chakuti kuyeraku sikukhalitsa pakokha. Silinda ikangodzazidwa kamodzi ndi kompulesa yodutsitsa nkhungu ya oilo, ntchito yonse ija yafafanizika, ngakhale chikwangwani cha nitrox chobiriwira ndi chachikasu chikadali chomatika. Amene amalowa m'nyanja ya Malawi ku Nkhata Bay kapena Cape Maclear kukaona mbuna, akapatsidwa nitrox, ali ndi ufulu wofunsa kuti silindayo inatsukidwa liti, yadzazidwa m'njira yanji, nanga mpweya wowonjezerawo unasefedwa motani. Ogwira masilinda a okosijeni m'zipatala zathu nawonso lamulo ndi lomweli: manja a mafuta asakhudze valavu, ndipo potsegula musapupulume.