Amayi Amene Anakana Kupulumuka Okha

Ambiri a ife timakumbukira chaka cha 1994 chifukwa cha chisankho cha pa 17 Meyi, pamene Amalawi tinalawirira mbandakucha kukaima pa mizere kuti tisankhe boma la zipani zambiri. Koma m'masabata omwewo, m'dziko laling'ono la mapiri la Rwanda, anthu anali kuphedwa ndi anansi awo usana ndi usiku kwa masiku pafupifupi 100. Bungwe la United Nations limati anafa anthu okwana ngati 800,000, ambiri mwa iwo a mtundu wa Atutsi, pamene boma la Rwanda limati anapitirira 1,000,000. Ena mwa othawa nkhondo a kumeneko anafika kwathu kuno, ndipo m'chaka chomwecho malo a Dzaleka ku Dowa, amene kale anali ndende, anasandutsidwa msasa wa othawa kwawo.

Za anthu opha anzawo zinalembedwa zambiri. Ife pano tifuna tikambe za anthu ena, amene chikwanje sichinali pakhosi pawo, amene akanatha kutseka chitseko n'kukhala ndi moyo. Ameneyu ndiye munthu wofanana nafe kwambiri: woona choipa chikuchitikira mnzake, iye ali pabwino. Tsono funso limene linam'gwera ndi lakuti, ndidzipulumutse ndekha kapena ndiime ndi mnzanga?

Mmene zinayambira

Ahutu ndi Atutsi amalankhula chinenero chimodzi cha Kinyarwanda. Ankalima pa mapiri amodzi, ankakwatirana, ndiponso ankapemphera m'matchalitchi amodzi. M'zaka za m'ma 1930 atsamunda a ku Belgium anayambitsa ziphaso zolembedwa mtundu wa munthu aliyense, ndipo maboma otsatira sanazichotse. Chotero pofika 1994 kapepala kakang'ono ka m'thumba ndi kamene kankanena ngati munthu akhale ndi moyo kapena afe.

Madzulo a pa 6 Epulo 1994 ndege ya Pulezidenti Juvénal Habyarimana inawomberedwa ili pafupi kutera ku Kigali, ndipo iye anafera pomwepo pamodzi ndi Pulezidenti Cyprien Ntaryamira wa ku Burundi. Kutacha, kupha kunali kutayamba kale. Nduna yaikulu ya boma, Mayi Agathe Uwilingiyimana, amene anali Mhutu wosagwirizana ndi chidani, anaphedwa pa 7 Epulo, pamodzinso ndi asilikali 10 a ku Belgium amene anatumidwa kukawalondera. Achinyamata a gulu la Interahamwe anatseka misewu ndi mitengo ndi miyala, akufunsa chiphaso aliyense wodutsa. Wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi mphemvu, ndipo inkatchula maina a anthu ndi malo amene abisala.

Tisaiwale chinthu chimodzi. Mhutu wopezeka atabisa Mtutsi ankayesedwa wogulitsa mtundu wake, ndipo ambiri otere anaphedwa. Mantha a anthu amene anakhala chete sanali mantha achabe ayi.

Nyumba ya ku Gisenyi

M'mphepete mwa nyanja ya Kivu muli tauni ya Gisenyi, imene lero ili m'boma la Rubavu. Tauniyi inagundana ndi mzinda wa Goma wa m'dziko la Zaire, limene tsopano likutchedwa Democratic Republic of Congo. Munthu wowoloka malire amenewo anali atapulumuka.

M'tauni imeneyi munali nyumba ya Mpingo wa Katolika yochitiramo misonkhano ndi mapemphero, yotchedwa Centre Saint Pierre, m'dayosizi ya Nyundo. Woyang'anira nyumbayi anali Mayi Félicité Niyitegeka, obadwa m'chaka cha 1934. Iwo anali a m'gulu la Auxiliaires de l'Apostolat, la amayi odzipereka moyo wawo wonse ku ntchito ya mpingo pansi pa bishopu. Ntchito yawo inali imene ambiri a ife timaidziwa bwino: kulandira alendo, kuona kuti chakudya chakwanira, kuphunzitsa ndi kulangiza atsikana. Pa chiphaso chawo panalembedwa kuti Mhutu. Komanso mlongo wawo, Colonel Alphonse Nzungize, anali mkulu wa asilikali pa msasa wa Bigogwe, osati kutali kwenikweni ndi Gisenyi. Ngati panali munthu amene akanadutsa pa misewu yotseka ija popanda womukhudza, anali iwowo.

Kupha kutayamba, m'nyumbamo munali amayi ndi atsikana a m'gulu lawo, ena mwa iwo Atutsi. Posakhalitsa anayamba kufika ena othawa, ena ali ndi mabala. Mayi Niyitegeka anawatsegulira.

Apa tiyenera kuona bwino chimene anachita poyamba, pakuti anthu ambiri amathamangira ku imfa yawo n'kuiwala masiku amene anaitsogolera. Iwo sanakhale pansi kudikira imfa. Anabisa anthu, anawadyetsa, ndipo usiku ankawatulutsa m'timagulu kuti awoloke malire kupita ku Goma. Amene anawoloka anakhala ndi moyo, ndipo ndi opulumuka otere amene anasimba mbiri imeneyi. Koma pamene ena ankatuluka, ena ankalowa, ndipo chinsinsi cha anthu ambiri chotero sichikanabisika nthawi yaitali m'tauni yaing'ono.

Kalata ya kwa mlongo wawo

Colonel Nzungize, pokhala msilikali, anadziwa chimene chinali kudza. Anatumiza uthenga kwa mlongo wake kuti achokepo msanga, ndipo anakonza njira yowapulumutsira. Uku kunali kuchita kwa mbale weniweni, ndipo ndani wa ife amene akanamudzudzula?

Mayi Niyitegeka anayankha ndi kalata yaifupi, imene inasungika. Anamuthokoza chifukwa chowaganizira, koma anamuuza kuti sangapulumutse moyo wawo n'kusiya anthu 43 amene anali m'manja mwawo, ndipo kuti asankha kufa nawo pamodzi. Anamupempha kuti awapempherere ndi kuti akawatsanzikire kwa mayi awo okalamba. Anaonjeza kuti ngati Mulungu awapulumutsa, monga ankayembekezera, adzaonananso.

M'kalatamo mulibe mawu odzitama kapena odzudzula. Muli munthu amene akufunabe kukhala ndi moyo, amene akukumbukira mayi ake, koma amene wawerenga anthu a m'nyumba mwake n'kupeza kuti njira imene yatseguka ndi ya munthu mmodzi yekha. Chimene anakana sichinali chipulumutso ayi, koma kupulumuka okha.

Tsiku la 21 Epulo

Pa 21 Epulo 1994 zigawenga zinafika pa Centre Saint Pierre ndi galimoto. Zinasonkhanitsa anthu amene zinawapeza kuti zipite nawo ku manda a m'tauniyo, malo amene anatchedwa Commune Rouge chifukwa cha mwazi umene unakhetsedwa kumeneko. Opulumuka amasimba kuti zigawengazo zinauza Mayi Niyitegeka kuti iwo atsale, popeza anali Mhutu ndiponso mlongo wa mkulu wa asilikali. Iwo anakwera galimotoyo. M'njira ankalimbikitsa anzawo ndi mapemphero ndi nyimbo, ndipo kumanda kuja anaphedwa pamodzi nawo. Anali m'chaka chawo cha 60.

Pa tsiku lomwelo, kutali ku New York, khonsolo yoona za chitetezo ya United Nations inagamula zochepetsa asilikali ake osungitsa mtendere ku Rwanda, kuchoka pa 2,500 kufika pa 270 okha. Masiku 10 m'mbuyomo, pa 11 Epulo, asilikali a ku Belgium anali atachoka pa sukulu ya zaumisiri ya ku Kicukiro mu Kigali, kusiya anthu pafupifupi 2,000 amene anathawira kwa iwo, ndipo ambiri mwa anthuwo anaphedwa tsiku lomwelo. Maiko okhala ndi ndege ndi mfuti anatulutsa nzika zawo n'kuchoka. Mayi wopanda ngakhale ndodo m'manja ndiye anatsala.

Amene anasankha njira ina

Sitingakambe mbiri imeneyi moona mtima ngati tibisa mbali yake yochititsa manyazi. Anthu ambiri anathawira m'matchalitchi poganiza kuti palibe angawatsatire m'nyumba ya Mulungu, koma anaphedwera momwemo, monga ku Ntarama, ku Nyamata ndi ku Nyarubuye. Ku parishi ya Nyange tchalitchi chinagwetsedwa ndi chigalimoto chokumbira misewu anthu ali m'kati, ndipo wansembe wa pamenepo, Athanase Seromba, anapezeka wolakwa ku bwalo la milandu la maiko onse ku Arusha m'chaka cha 2006. M'chaka cha 2008 chilango chake chinasanduka ndende ya moyo wonse.

Ndipo si amuna okha. Ku nyumba ya masisiteri ya Sovu, kufupi ndi Butare, kunathawira anthu ambirimbiri. M'chaka cha 2001 bwalo la milandu la ku Brussels linapeza masisiteri awiri a kumeneko, Gertrude ndi Maria Kisito, olakwa pa kuphedwa kwa anthu amenewo, ndipo linawalamula kukhala m'ndende, wina zaka 15, wina zaka 12. Iwo anali amayi a mpingo umodzi ndi Mayi Niyitegeka, m'dziko limodzi, m'mwezi umodzi, ndipo nawonso anthu anagogoda pa chitseko chawo. M'chaka cha 2017 Papa Francis anapempha chikhululukiro cha Mulungu chifukwa cha machimo ndi zolephera za mpingo ndi anthu ake pa nthawi imeneyo.

Tikuona tsono kuti chovala cha mpingo pachokha sichilimbitsa munthu mtima. Tionenso kuti pali kusiyana pakati pa mayi amene anakhala chete akunjenjemera, ana ake atawakumbatira m'chipinda, ndi munthu amene analoza chala pamene panabisala mnzake. Woyambayo sitingamuweruze ife amene sitinamvepo zikwanje zikugogoda pa chitseko chathu. Wachiwiriyo anagula mtendere wake ndi mwazi wa wina.

Gogo wa ku Musamo

Kulimba mtima sikuthera kumanda nthawi zonse. M'mudzi wa Musamo, m'dera la Ruhango, munali mayi wamasiye wokalamba, Zura Karuhimbi, wodziwa mankhwala a zitsamba. Iwo anabisa anthu oposa 100 m'kanyumba kawo ndi m'munda mwawo. Mfuti analibe, ndalama analibe, koma ankadziwa chimene anyamata a zikwanje aja ankaopa. Akafika pakhomo, gogoyu ankawaopseza kuti m'nyumbamo muli mizimu, ndipo wolowamo adzaona tsoka iye ndi banja lake. Ankadzola zitsamba zoyabwa m'manja kuti wowakhudza amve kuyabwa n'kukhulupirira. Anyamatawo ankabwerera. Pambuyo pake gogoyu ananena kuti sanali mfiti konse, koma inali nzeru chabe yotetezera anthu. Boma linawapatsa mendulo m'chaka cha 2006, ndipo anamwalira ali nkhalamba m'chaka cha 2018.

Mayi Niyitegeka ndi Gogo Karuhimbi anasiyana m'maphunziro, m'makhalidwe ndi m'mathero awo. Koma anafanana pa chinthu chimodzi: munthu akangolowa pakhomo pawo, ankamuwerenga ngati wawo, ndipo kuyambira pamenepo nzeru zawo zonse zinkapita pa kum'sunga ndi moyo.

Chimene atisiyira

Lero dziko la Rwanda limakumbukira ngwazi zake pa 1 Febuluwale chaka ndi chaka, ndipo dzina la Félicité Niyitegeka lili m'gulu la ngwazi lotchedwa Imena, pamodzi ndi la Agathe Uwilingiyimana. M'gulu lomwelo muli ana a sukulu ya sekondale ya Nyange, amene usiku wa pa 18 Malichi 1997 zigawenga zinawalamula kuti apatukane, Ahutu uku Atutsi uku, koma iwo anakana, nati onse ndi Anyarwanda, ndipo ena anaphedwa.

Amayi anzathu, tikupemphera kuti masiku otere asadzafike m'dziko lathu. Koma funso la ku Gisenyi limatipeza m'mayesero ang'onoang'ono. Timamva mwana wamasiye akumenyedwa kuseri kwa mpanda usiku uliwonse. Timaona achibale a mwamuna akunyamula katundu wa mayi wamasiye maliro asanathe n'komwe. Timamva gogo wa m'mudzi akunenedwa ufiti, achinyamata akutola miyala. Pamenepo mtima umatiuza kuti, si nkhani yako, uli ndi ana, anthu adzakuda. Mawu amenewo si abodza onse, pakuti woteteza mnzake amalipiradi mtengo wake. Koma makolo athu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mbiri imeneyi siyotiuza kuti tizithamangira ngozi mosaganiza. Mayi Niyitegeka anawolotsa anthu usiku, Gogo Karuhimbi anagwiritsa ntchito mantha a adani awo. Nafenso tili ndi njira zathu: kum'tsegulira chitseko wothawa, kuitana anzathu kuti tipite tili ambiri, kukadziwitsa amfumu, akulu a mpingo kapena apolisi, ndi kuvomera kukaima ngati mboni pamene mlandu wafika pabwalo. Kusamala moyo wathu si tchimo. Choopsa ndi kuzolowera kupulumuka tokha, lero pa kanthu kakang'ono, mawa pa chachikulu, mpaka mtima utauma.

Mayi Niyitegeka anatha zaka zambiri akulandira alendo ndi kuwerenga mbale za chakudya kuti wina asatsale. Tsiku loipa litafika, anawerenganso anthu a m'nyumba mwawo, napeza 43, ndipo sanadzichotse pa chiwerengerocho. Ife amene timaphikira alendo pa misonkhano, timachezera odwala ndi kugona pa maliro, tidzifunse lero kudakali bata kuti, kodi anthu amene ali m'manja mwathu ndi angati, ndipo maina awo ndani?