Mkuwa wa m'mimba mwa gitala

Ambirife timadutsa mumsewu wa Paul Ngozi ku Kabwata osaganizako za mwini dzinalo. Mkuluyu, amene anamwalira mu 1989, ankaliza gitala mpaka ndi mano, ndipo chimbale cha Ngozi Family cha 1976, Day of Judgement, chadzaza ndi kukalipa kwa fuzz. Phokoso limenelo ankalifuna dala.

Pali lina limene palibe woimba amalifuna: kulira kuja kokhala ngati njuchi zalowa m'sipika, zingwe usanazikhudze n'komwe. Pickup ya gitala ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa kambirimbiri pa maginito. Imamva zingwe, koma imatolanso malaiti a m'chipinda, amene kuno amagwedezeka ka 50 pa sekondi. Ukaponda fuzz, zonse zimakulira pamodzi.

Mankhwala ake ndi akale kuposa gitala yamagetsi. Mu 1836, Michael Faraday anaonetsa ku London kuti chipinda chokutidwa ndi chitsulo chimatchinga magetsi akunja. Amisiri amachita zomwezo mwapang'ono: amatsegula gitala, n'kumata tepi ya mkuwa m'maenje mokhala mawaya, n'kuilumikiza ku ground. Ukaiwala kulumikizako, wavutika chabe. Tisanamizane, kung'ung'udza kochokera ku ma transformer sikutha ndi tepi. Kumeneko kunafuna humbucker ya Seth Lover, imene Gibson inaika pa Les Paul mu 1957.

Chimene chimatigwira mtima n'chakuti mkuwa womwewu ndi umene unalera Zamrock. Malipiro a kumigodi ndiwo ankadzaza mabala ndi maholo. WITCH inachokera ku Kitwe, ndipo mu 1975 inatulutsa Lazy Bones!!, nthawi imene a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za kuno. Koma m'zaka zomwezo mtengo wa mkuwa unagwa, matumba anauma, mabandi anayamba kufota. Edzi inadzamalizitsa.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, ma inverter ndi majenereta anachuluka, njuchi zija nazo zinabwera ndi abale awo. Anyamata oimba m'matchalitchi ku Chelstone amadandaula zomwezi. Tepi ya mkuwa timaitanitsa kunja, ife eni migodi! Ena amangotenga foil ya kukhitchini n'kumata ndi guluu. Imathandiza ndithu, kungoti siigwira soda, ndiye waya wa ground amaupanikiza ndi sikulu.