Kufufuza mavuto a magetsi ndi mafuta pa injini zakale za EFI

EFI ndi njira yoperekera petulo ku injini pogwiritsa ntchito magetsi m'malo mwa kabyuleta. Pampu imakoka mafuta m'thanki, ndipo kompyuta ya galimoto, yotchedwa ECU, imatsegula ma injector kwa kanthawi kochepa kuti apopere petulo wolingana ndi mpweya umene injini ikukoka. Kampani ya Bosch ya ku Germany inatulutsa njira yotere yotchedwa D-Jetronic mu 1967 pa galimoto za Volkswagen, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inabweretsa L-Jetronic, imene makampani a ku Japan monga Toyota ndi Nissan anatengera.

Galimoto zambiri za m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 zilibe pulagi ya OBD-II yolumikizirapo makina oyezera, imene dziko la United States linakhazikitsa mwalamulo mu 1996. Choncho vuto limafufuzidwa ndi multimeter, maso ndi makutu. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti kompyuta yapsa, koma nthawi zambiri cholakwa chimakhala waya, fyuzi, relay kapena sensa yotsika mtengo.

Batire ndi mawaya

Kufufuza kumayambira pa batire. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikamalira. Mavoti akatsika kwambiri poliza galimoto, kufika pansi pa 9.6, sitata imatha kuzungulira ndithu koma ECU osagwira bwino ntchito.

Mawaya a earth, olumikiza batire ku injini ndi ku bodi, amavutitsa kwambiri galimoto ikakalamba. Akachita dzimbiri kapena kukhwefuka, masensa amatumiza uthenga wolakwika, ndipo vuto limabwera n'kupita popanda dongosolo. Kupala malo olumikizirawo ndi kumanga bwino kumathetsa mavuto ena amene munthu akanawonongerapo ndalama zambiri.

Pali chizolowezi chochotsa waya wa batire injini ikulira, ati pofuna kuyesa alternator. Pa galimoto ya EFI zimenezi n'zoopsa, chifukwa mavoti amakwera mwadzidzidzi ndipo angathe kuwotchadi ECU.

Moto ndi mafuta

Injini ikamazungulira koma osalira, funso ndi lakuti chikusowa ndi moto kapena mafuta. Ngati mapulagi sakutulutsa moto, amayang'ana koyilo, igniter ndi sensa ya mu distributor imene imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira. Uthenga umenewu ukasowa, ma injector nawonso sapopera.

Pa galimoto zambiri za Toyota zokhala ndi air flow meter ya kachitseko, pampu siilira pongotsegula kiyi. Imayamba sitata ikamazungulira kapena mpweya ukakankha kachitsekoko. Osadziwa zimenezi amagula pampu ina yoyambayo ili bwinobwino. Poyesa, amalumikiza +B ndi FP mu kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS ka pafupi ndi injini, kiyi ali wotsegula, n'kumvetsera ku thanki. Mafuta a m'mapaipi amakhala ndi mphamvu ya pafupifupi ma bar 2.5 mpaka 3 ndipo mphamvuyo imatsalamo ngakhale injini itazima, motero paipi imamasulidwa pang'onopang'ono itakulungidwa ndi kansalu, injini itazizira, kutali ndi moto kapena fodya. Fyuluta yotsekeka imadziwika poti galimoto imalira bwino itaima koma imafooka pachitunda.

Masensa ndi mpweya wolowera pambali

Sensa ya kutentha kwa madzi imawerenga ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa madigiri 20, ndipo imatsika kufika pafupifupi 300 pa madigiri 80. Waya wake akaduka kapena pulagi yake ikachita dzimbiri, kompyuta imatha kuona ngati injini idakali yozizira n'kumawonjezera petulo. Galimoto imamwa mafuta kwambiri, imatulutsa utsi wakuda, mapulagi n'kuda bii.

Zosiyana ndi zimenezi zimachitika paipi ya rabala ya pakati pa air flow meter ndi injini ikang'ambika. Mpweya umalowa osayezedwa, petulo amachepa, ndipo injini imanjenjemera kapena kuzima galimoto ikaima. Mng'alu umakonda kubisala kunsi kwa makwinya a paipiyo, choncho ndi bwino kuichotsa n'kuipinda poiyang'ana.

Makodi a nyali ya check engine

Galimoto zakale za Toyota, kuphatikizapo ma Corolla ambiri amene anabwera m'Malawi atagwirapo kale ntchito ku Japan, zimanena zokha vuto kudzera pa nyali ya pa dashibodi. Amalumikiza TE1 ndi E1 mu kabokosi komwe kaja ndi kawaya, n'kutsegula kiyi osaliza injini. Nyali ikamaphethira mofanana osapumira, palibe vuto losungidwa. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, ndiye kodi 22, ya sensa ya kutentha kwa madzi. Kodi 12 imanena za uthenga wa kuzungulira kwa injini, 14 za igniter, 21 za sensa ya oxygen, pamene 41 ndi ya sensa ya pa throttle.

Kodi imaloza dera limene muli vuto, sinena kuti sensayo yafa. Waya woduka amabweretsa kodi yomweyo, n'chifukwa chake amayeza mawaya asanagule sensa. Akakonza, amafufuta makodi pozula fyuzi ya EFI kwa masekondi osachepera 10 kiyi atatseka, kenako amayendetsa galimoto n'kuwerenganso.